Kuwoloka Ulalo Maso Ali Pansi

Linali Loweruka lapitali, belu la naini koloko litangolira kumene kutchalitchi, pamene ine mnzanu ndinakhala pansi pakati pa ulalo, mwendo wina uku, wina uku, mwana ali kumsana, theka la Mbayani likuonerera.

Musaseke msanga. Dikirani ndifotokoze, kenaka tisekere limodzi.

Inu amene mumawerenga tsamba lino sabata ndi sabata mukudziwa kale kuti pakamwa panga mpolemera. Pagulu ndimangoti "inde" ndi "zikomo". Sukulu ndinalekera panjira, koma pensulo sindinaitaye, chifukwa papepala palibe amene amandiyang'ana m'maso. Tsono lero ndikufuna tikambe za maso omwewo.

Mvula ya Lachinayi inakokolola kamlatho ka matabwa kamene timawolokera popita kutchalitchi. Abambo a m'dera lathu sanachedwe. Anagwetsa mtengo wa bulugamu, n'kuusadza, n'kuugoneka pamwamba pa madzi. Ndiwo ulalo umene ndikunenawu. Kukula kwake, phazi limodzi limakwana bwino, koma awiri sangaime moyandikana.

Mwana wanga Rozina, wa miyezi isanu, anali woti abatizidwa m'mawa mwake, Lamlungu. Kwathu kuno Loweruka lotere mabanja a ana obatizidwa ndiwo amakasesa ndi kukolopa m'tchalitchi. Ndiye tinanyamuka anthu anayi: apongozi anga aamuna, apongozi aakazi, alamu anga a Lusiya amene ndi achemwali a amuna anga, ndi ine. Amuna anga anali kuntchito ku Ginnery Corner, kumene akumanga nyumba yosungiramo katundu.

Apongozi aamuna ndiwo anayamba kuwoloka. Iwowa ndi mesenjala wa muofesi ina m'tauni, munthu wamtali, woyenda ngati anameza ndodo. Atafika tsidya anatembenuka n'kuima kutidikira.

Apongozi aakazi anatsatira. Aa, mukanawaona! Anayenda paulalopo ngati ali mumsewu wa tala, dengu lili pamutu, khosi atalipotolera kumbuyo, akumufotokozera mnzawo wina za mtengo wa mchere. Iwowa anakulira kumunsi kwa Shire, ndipo amati ali atsikana ankaima m'bwato chilili, mtsuko uli pamutu. A Lusiya nawo anadutsa akuimba.

Ndinatsala ine, mdzukulu wa Alomwe amene anabwera pansi kuchokera kwa Apwitikizi, amene sanakwerepo bwato chibadwire.

Ndinaponda ulalo ndowa yopanda kanthu ili pamutu, tsache lili m'manja. Poyamba zinayenda bwino. Kenaka ndinakweza maso kuti ndione kumene ndikulowera, ndipo maso anga anagwera pa apongozi aamuna, ataima pamapeto penipeni pa ulalo, nkhope kuloza kuno.

Mwambo mukuudziwa. Mtengwa sayang'ana apongozi ake aamuna kumaso. Chilowereni m'banja lino, nkhope yawo ndimangoiona mwakuba, ali patali. Nsapato zawo ndiye ndimazidziwa kuposa wina aliyense, ndikhoza kukuuzani imene ili ndi chigamba. Tikakumana panjira ndimapatukira kuudzu n'kugwada.

Ndiye maso anga anachita zimene anazolowera. Anagwa pansi.

Koma pansipo panalibe nthaka. Panali madzi ofiira a mvula, akuthamanga, atanyamula masamba a nthochi ndi zitsononkho. Ndinangoona ngati madzi aima, ndipo ulalo ndiwo wayamba ulendo wopita kumtunda, ine ndili pomwepo. Thupi langa linati tisagwe, n'kupendekera kumene madzi ankapita. Ndowa inatsetsereka, khuvu m'madzi. Tsache linaitsatira. Mawondo anangoti tiyeni tikhale, ndipo ndinakhaladi, miyendo ili lendelende, manja atakumbatira bulugamu.

Kodi mukuganiza kuti apongozi aamuna anathamanga kudzandigwira? Akanandigwira bwanji? Mwambo umene umandiletsa ine kuwayang'ana ndi womwewo umawaletsa iwo kundikhudza. Komanso nsalu yanga inali itakwera pamwamba pa mawondo. Anavula chipewa, n'kutembenuzira nkhope kunthochi, n'kumafuula:

"Amake Zuze! Amake Zuze! Taonani mwanayo!"

Zuze ndilo dzina la amuna anga. Taganizani nokha: ine ndikuthawa maso awo, iwo akuthawa maso anga, mtsinje uli pakati ukungodzipitira.

Bambo wina wokonza njinga, amene ankadikira kuti awoloke pambuyo panga, ndiye anandimaliza.

"Palasani, mayi, palasani! Kapena tcheni chaduka?"

Anthu anafa ndi phwete mbali zonse ziwiri. Ndipo kumsana kwanga ndinamva kaphokoso. Ndinayesa kuti Rozina akulira. Ayi ndithu, ankaseka, akumenya mapewa anga ndi timanja take, ngati kunena kuti tichitenso.

Apongozi aakazi anatula dengu n'kubwerera paulalo. Anawerama pomwepo, n'kumasula mwana kumsana kwanga, n'kumunyamula ndi dzanja limodzi ngati mtolo wa ndiwo. Ine ndinamaliza ulendo chokhala, ndikudzikhwekhwereza pang'onopang'ono. Pobwerera ndinawolokanso chokhala, koma nthawi ino mwadala, Rozina ali kumsana kwa azakhali ake.

Titafika kunyumba, chiweruzo cha apongozi aakazi chinatuluka.

"Amake Rozina, musadandaule. Mawa mwana abereka a Lusiya."

Ndinalimba mtima n'kunong'ona kuti: "Amayi, bwanji angondiwolotsera, tsidya ndikamulandire?"

"Iyayi. Mwana wopita kuubatizo sasintha misana panjira. Amene wam'nyamula pakhomo ndiye akam'fikitse."

Kaya umenewu ndi mwambo weniweni wa kwawo, kaya anaupeka pomwepo, sindinafunse. Njira yozungulira kumsewu waukulu iliko, koma ndi yaitali, matope ake ofika m'mawondo, ndipo banja lonse silikanazungulira chifukwa cha munthu mmodzi.

Sindinawaone kulakwa. Mdzukulu wawo anali atalendewera pamwamba pa madzi iwo akuona. Koma mumtima munandiwawa. Kadiresi koyera ka Rozina ndinasoka ndekha ndi singano yapamanja. Nsalu yoberekera ndinakagula ku Limbe kwa Amwenye, ndipo inali isanavalidwepo, ikudikira tsiku limeneli. Amayi anzanga, inu mukudziwa. Pali ulendo wina umene mayi amafuna kumva kulemera kwa mwana wake pamsana pake, osati kumuona akugwedeza mutu kumsana kwa wina. Nanga anthu akanati chiyani? "Uja ndiye mayi wake, uja akuyenda chimanjamanjayo. Paja sangathe."

Ndinakatsuka mbale zimene zinali zotsuka kale.

A Lusiya ananditsatira kuseri. Si munthu woipa mtima, kungoti pakamwa pawo sipatsekeka.

"Alamu, vuto lanu mumaganiza kwambiri. Ulalo suwolokedwa ndi mutu, umawolokedwa ndi mapazi. Ine ndikhoza kudutsa pamene paja nditatsinzina."

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinangomva pakamwa panga patuluka mawu: "Tatsinzinani tione."

"Mwati?"

"Muime ndi mwendo umodzi, mutsinzine."

Anamanga nsalu bwino, n'kukweza mwendo, n'kutseka maso. Anaima njii, ngati kakowa m'dambo. Anayambanso kuimba ali chomwecho.

"Kwanu tsono, alamu."

Ndinakweza mwendo maso ali otsegula, ndikuyang'anitsitsa mphuthu ya chitseko. Ndinaima, ndinaimabe, mpaka a Lusiya anatopa kudikira.

"Aa, si uyu mukuthayu! Tsekani maso."

Nditangotseka, dziko linasungunuka. Sindinadziwenso kumene kuli kumwamba. Ndinakagwera pankhuku zimene zinkadya madeya, nkhuku balala, ine chagada.

Phokoso la nkhuku ndi kuseka kwa a Lusiya zinaitana anthu. Mayi wogulitsa zitumbuwa wa nyumba yoyandikana nafe anabwera akupukuta manja. Iyeyu ndi wonenepa ndithu, ndipo tonse tinati agwa asanayambe. Anatseka maso n'kuima ngati chulu. Mkazi wa telala, wowonda ngati bango, amene amavina bwino paukwati uliwonse, anangotsinzina kamodzi n'kukakumbatira nkhokwe. Posakhalitsa bwalo lonse linadzaza amayi oima ndi mwendo umodzi, ena njii, ena pendapenda, ana akuwomba m'manja.

Apongozi aakazi anatuluka ndi lichero la mpunga.

"Mwapenga kodi?"

"Amayi, tayesani!"

Sanatule n'komwe lichero. Anakweza mwendo, anatseka maso, n'kupitiriza kupeta.

Ndi nthawi imeneyi pamene amuna anga anatulukira, ataweruka masana monga mwa Loweruka, fumbi la simenti lili m'tsitsi. Nkhani ya paulalo anali ataimva kale panjira, kwa anthu atatu osiyana, aliyense ndi mchere wake. Wina anawauza kuti ndinasambira mpaka ku Chikwawa.

"Amake Rozina, ndamva kuti mwagula njinga," anatero akumwetulira.

"Usamuseke mnzako," anatero amayi awo. "Taima nawe tione."

"Ine? Munthu woyenda pamwamba pa khoma tsiku ndi tsiku?"

Anapatsa mwana wina chitini chawo cha chakudya, n'kukweza mwendo monyada. Anatseka maso. Abale anga, sanathe ngakhale kupuma kawiri. Manja anayamba kupalasa mphepo, mwendo uja unafuna pansi n'kupaphonya, ndipo anakatera m'beseni la madzi otsukira mbale.

Mayi wa zitumbuwa anachita kukhala pansi ndi kuseka. Apongozi aakazi anagwira pakamwa.

"Zuze! Mwana wobadwira m'mbali mwa Shire! Nanga pansanja yomangira paja umatani? Sudzandiphera kumeneko iwe?"

"Amayi, pansanja sinditseka maso," anatero akufinya malaya. "Ndimayang'ana chingwe chija timalendewetsa ndi kachitsulo poongola khoma. Chikakhala chili njo, nanenso ndili njo. Koma ndikalakwitsa n'kuyang'ana mitambo ikuyenda pamwamba pa khoma, ndimaona ngati khoma likundigwera. Tilipo angapo otero. Ena ndiye amayenda pathabwa akudya chinangwa, maso ali kwa atsikana odutsa mumsewu."

Apongozi aakazi analeka kupeta. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Nanga inu, amake Rozina, paulalo paja munkayang'ana chiyani?"

Maso onse anali pa ine. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Palibe akanandiyankhira.

"Madzi, Amayi."

"Madzi? Mwana wamng'ono amadziwa kuti sayang'ana madzi. Osayang'ana tsidya bwanji?"

Ndinakanda pansi ndi chala chakuphazi. Tsidya lija ndinkalikumbuka bwino. Udzu unali utagona ndi madzi osefukira. Nthochi zinkagwedezeka ndi mphepo. Kakhitchini ka munthu wina kanali katapendekeka ngati kaledzera. Chinthu chimodzi chokha ndicho chinali choongoka ndi chosagwedezeka tsidya lonselo.

"Kunali Abambo," ndinatero.

Anandiyang'ana. Anayang'ana mwana wawo wonyowayo. Kenaka anaseka mpaka mpunga unatayikira nkhuku zija.

"Mwamva, abambo ake a Zuze? Ndinu munagwetsa mwana wa eni!"

Apongozi aamuna anali atakhala pansi pa mtengo wa mango nthawi yonseyi, akupaka polishi nsapato za Lamlungu, Rozina atam'goneka pamkeka pambali pawo. Iwo ndi ine sitilankhulana mwachindunji. Akakhala ndi mawu oti andiuze, amauza mwanayo mokweza, ine ndikumva. Anatsokomola kaye, n'kuweramira pamkeka.

"Rozina, mdzukulu wanga. Ukawauze amako kuti agogo apepesa, sanadziwe. Uwauzenso kuti mwambo umaletsa nkhope. Za msana sindinamvepo. Mawa ine ndikawoloka, ndikaima chofulatira, ndipo sindigwedezeka ngakhale njuchi indilume. Ayang'ane msana wangawu mmene angafunire."

Rozina anayankha ndi kuyamwa chala chakuphazi.

"Tiona m'mawa," anatero apongozi aakazi. Sanati inde, sanati iyayi. Koma madzulo ndinawaona akugoneka mtengo wotsala pomanga khola pakati pa bwalo, ndipo anandiyendetsa pamenepo kupita ndi kubwerera, maso anga ali pamphuthu ya chitseko, mpaka dzuwa linalowa.

Tsono, owerenga anga, nkhaniyi yandiganizitsa sabata yonse.

Zikuoneka kuti Mulungu anatiumba mitundu iwiri. Pali anthu amene amaimikidwa ndi mapazi awo. Thupi lawo limadziwa lokha kumene kuli kumwamba, kaya kuli mdima, kaya pansi pakuyenda. Ndiye pali ife amene timaimikidwa ndi maso. Ife timabwereka kuongoka kwa zinthu zimene tikuziona. Khoma likaongoka, taongoka. Likapendeka, tapendeka nalo osadziwa.

Ndikanayenera kuzindikira kale. Tsiku lina tili pasiteshoni ya sitima ku Limbe, titakhala kale m'kati kudikira ulendo wa kwawo kwa amuna anga, sitima ya katundu imene inaima pambali pathu inayamba kuyenda. Ine ndinagwira mpando mwamphamvu n'kufuula kuti, "Tanyamuka, a Lusiya atsala!" Pamenepo n'kuti a Lusiya ali panja akugula nzimbe, sitima yathu ili chiimire. Apongozi aakazi sanatukule n'komwe mutu. Matako awo anali atawauza kale kuti mpando sunasunthe.

Kodi inunso zinakuchitikiranipo? Ngati zinatero, takulandirani kumtundu wathu.

Ndipo musadzimvere chisoni. Ife a maso tili ndi mphatso zathu. Mpendero wa diresi ukakhota pang'ono, ine ndimauona munthu ali kutali. Chithunzi chikapachikidwa mokhota kunyumba ya eni, khosi langa limakhota nacho mpaka nditatsanzika. A Lusiya akhoza kukhala m'nyumba yopendekeka chaka chathunthu osadziwa kanthu. Palibe mtundu woposa unzake. Cholakwika n'choti wa mapazi aziuza wa maso kuti "ingotsinzina", ngati kuti thupi lake ndilo muyeso wa matupi onse.

Koma chimene chandivutitsa kwambiri ndi ichi. Mwana wamkazi akangoyamba kuyenda bwino, timam'senza kachitini ka madzi n'kumuuza kuti, "Ongola khosi, yang'ana kutsogolo, usayang'ane pansi, utaya madzi." Mwana yemweyo akafika pakhomo n'kupeza alendo, timam'kalipira kuti, "Maso pansi! Ulibe ulemu?" Khosi ndi limodzi, malamulo ndi awiri.

Pitani ku Limbe m'mawa mukaone amayi akuchokera kumapiri ndi mitolo ya nkhuni. Misana yawo ili chilili, amayenda ngati mafumu. Tsatirani amayi omwewo akatula mitolo n'kukaima pamzere kuchipatala kapena pakhomo pa ofesi. Mapewa agwa, chibwano chili pachifuwa, mawu sakumveka. Ndi anthu omwe aja kodi?

Ine ndemwe, tsiku limene tinakajambulitsa chithunzi cha ukwati, wojambula anachita kutopa nane. "Mayi, dzutsani mutu. Mayi, mapewa. Mayi, ndikufuna nkhope, osati duku." Chithunzicho chilipo pakhoma. Amuna anga akuoneka bwino. Pambali pawo pali duku lokongola kwambiri.

Timati agogo athu anapindika msana chifukwa cha khasu. N'zoona. Koma kodi ndi khasu lokha? Munthu amene wayang'ana zala zake zakuphazi kuyambira ali mtsikana, msana wake ungaongoke bwanji atakalamba?

Ndipo si amayi okha. Ndale za boma la Chitaganya ine sindizidziwa bwino, amuna ndiwo amakangana nazo madzulo mpaka ndiwo kuzizira. Koma maso ndili nawo. Ndaonapo m'tauni muno bambo wa imvi, amene kumudzi kwawo anthu amamugwadira, ataima pazenera la kumbali kwa sitolo chifukwa pakhomo lakutsogolo si pake, chipewa chili m'manja, maso ali pansapato, akudikira kuti wina amuone. Ndinamumvera chisoni msana wake. Munthu angayende mtunda wautali bwanji maso ali pansi?

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti titaye ulemu. Ine ndidzagwadirabe apongozi anga mpaka kufa, ndipo Rozina ndidzamuphunzitsa kugwada. Ulemu ndi wokoma, umafewetsa mudzi. Koma Loweruka lija ulemu unatsala pang'ono kugwetsera mwana mumtsinje, anthu awiri okondana bwinobwino akuthawana maso. Ndiye ndikufunsa amayi anzanga, makamaka inu amene muli ndi atengwa pakhomo: mukamaphunzitsa mtsikana nthawi yogwetsa maso, kodi mumakumbuka kumuuzanso nthawi yowadzutsa?

Lamlungu kunacha bwino, kopanda mtambo. Ndinam'sambitsa Rozina, ndinam'dzoza mafuta, ndinam'veka kadiresi kake koyera. Kenaka ndinam'pereka kwa apongozi aakazi monga mwa chiweruzo chawo, n'kuima pambali manja ali kumbuyo. A Lusiya anali atakonzeka kale, ataweramitsa msana.

Apongozi anamuyang'ana mwanayo, anayang'ana a Lusiya, anayang'ana ine.

"Nsalu yatsopano ija ili kuti?"

Ndinathamangira m'nyumba kukaitenga.

"Weramani."

Anam'khazika Rozina pamsana panga ndi manja awo, n'kumanga mfundo okha, molimba mpaka mpweya unandithera.

"A Lusiya, inu munyamule ambulera."

"Chabwino," anatero a Lusiya. "Ndiye nditsogole, ndikauze anthu achotse nkhuku panjira."

Paulalo tinapeza anthu ambiri kuposa amene amapita kutchalitchi masiku onse. Wokonza njinga uja analipo, atavala malaya oyera, ngakhale aliyense akudziwa kuti sapemphera. Amuna anga anavula nsapato, anapinda buluku la suti mpaka m'ntchafu, n'kulowa m'madzi kukaima kumunsi kwa ulalo, manja ali okonzeka.

Apongozi aamuna anawoloka. Atafika tsidya sanacheuke. Anagunditsa zidendene, anaongola mapewa, n'kuima chofulatira, jekete lawo lakuda lili pamsana, chipewa chili pamutu. Anthu amene sankadziwa nkhani anayamba kufunsana kuti mkuluyu wakwiya ndi yani.

Pakati pa jekete lija pali msoko wotsika kuchokera pakhosi mpaka m'chiuno, woongoka ngati chingwe. Ndinaika maso anga pamenepo.

"Tiyeni," anatero apongozi aakazi kumbuyo kwanga. Ndinkamva mpweya wawo pakhosi panga.

Ndinaponda. Mtengo unali wozizira ndi mame. Madzi ankasokosera pansi, akundiitana kuti ndiwaone, koma ndinawakana. Phazi, phazi linzake, msoko uli pomwepo. Pakati penipeni Rozina anadumpha ndi chisangalalo, mwina anakumbuka masewera a dzulo, ndipo thupi langa linagwedezeka. Khamu linati "Ii!" Koma msoko sunasunthe, ndipo ine ndinabwerera kwa iwo ngati munthu wogwira chingwe. Ntchentche inatera pakhosi pa apongozi, ndinaiona bwinobwino ikuyenda. Sanaipirikitse.

Kenaka phazi langa linaponda udzu.

Nthungululu zinalira mbali zonse ziwiri. A Lusiya anavina ndi ambulera. Amuna anga anaiwala kuti ali m'madzi n'kuwomba m'manja mpaka suti yonse inanyowa. Koma apongozi aamuna anali chiimire, osadziwa ngati nthungululuzo n'zakuti tafika kapena tangodutsa pakati, ndipo anali atalonjeza kuti sagwedezeka.

"Rozina," anaitana, nkhope ili kunthochi. "Rozina, mwafika kodi?"

Ndinayang'ana uku ndi uku kuti wina awayankhe. Apongozi aakazi anangopinda manja n'kundiyang'ana, akumwetulira.

Ndinagwada paudzu wonyowawo, mwana wanga akulemera bwino pamsana panga, n'kuyankha mokweza kuposa mmene ndinalankhulirapo chikwatiwire:

"Tafika, agogo."

Mapewa aja anatsika pang'ono. Anakanda pakhosi pamene panayenda ntchentche paja, anakonza chipewa, n'kuyamba kukwera chitunda cha kutchalitchi, ife tonse pambuyo pawo.